Tchizi cha pa Chinkhoswe cha Chiyembekezo

Moni owerenga okondedwa. Tiyamike Mulungu amene watisunga ndi mpweya mpaka lero, pakuti si nzeru zathu.

Kwa Milonde kuli mayi wina dzina lake Emma, woyimba kwaya ya amayi, mwini ng'ombe imodzi yamkaka. Magetsi akazima kumene alimi amasonkhanitsa mkaka, wake wonse unkasasa n'kuthera kwa nkhumba, ndipo izi zinkamudya mumtima. Choncho anapita kwa Annie, mnzake wa kumpingo amene anaphikirapo mabwana a kuesiteti ya tiyi, kuti amuphunzitse kupanga tchizi.

"Si ufiti ayi, amake Chiyembekezo," anatero Annie. "Pezani poto wachitsulo chosachita dzimbiri, nsalu yoyera yopyapyala, mandimu ndi mchere. Mkaka ukatentha mufinyiremo mandimu, ukagawikana musefe pansalu. Zotsala pansaluzo muike m'chikombole chokhala ndi timabowo, mutsendereze ndi mwala kuti madzi akhe. Chikombolecho chikhale kandowa katsopano. Mukagule ku Chitakale."

Emma anapeza zonse, koma za kandowa anaona ngati n'kudzivutitsa. Mwamuna wake Robson, wopopera mankhwala opha udzu m'minda ya tiyi, ankabwera ndi zigubu zotha ntchito. Emma anadula chimodzi pakati, n'kuchiboola ndi msomali wamoto.

Nthawi imeneyo n'kuti chinkhoswe cha mwana wake Chiyembekezo chitayandikira. Mnyamatayo, Elson, anali wa banja la ku Chitakale, anthu ozolowera za m'tauni, ndipo Emma anafuna kuti aone okha kuti mwana wawo sakukwatira kwa anthu wamba. Lachisanu, Annie atabwera kudzathandiza kusenda anyezi, anaona chigubu chili pansi pa mwala. Anawerama, ananunkhiza.

"Achemwali, ichi si chigubu cha mankhwala a bambo a kunoko?"

"Ndachikwecha ndi phulusa, ndi mchenga, ndi sopo. Chikuwala kuposa mano anuwo."

"Mwatsuka kunja kwa chikho. Mankhwala aja amalowerera m'pulasitikimo, ndipo mkaka wotentha uwayamwa. Tayani ichi, alendo adzamwe tiyi ndi buledi basi."

Emma anaseka chiseko chopanda chimwemwe. "Inu munaphikira azungu, ndiye mukuyesa kuti tonse tili ndi mimba zamapepala. Kapena zikukuwawani kuti wophunzira wapambana mphunzitsi?"

Annie anapukuta manja pachitenje. "Ine ndanena. Mulungu ndi mboni." Ndipo ananyamuka, anyezi ali pakati.

Loweruka, tsiku la chinkhoswe, tchizi chinatuluka choyera ngati thonje. Popeza chinali chochepa, Emma anatsata ulemu wa kwathu kuno: chabwino n'cha alendo, eni khomo adya zotsala. Mbale yonse inapita kumkeka wa akuchimuna. Mayi Dainess, amake Elson, anati pakhosi pakumveka kakuwawa, koma anaganiza kuti ndi mmene tchizi chimakomera, n'kuwonjezera china. Wa kwa Emma sanalawe ndi mmodzi yemwe.

Dzuwa lisanalowe, alendo anayamba kusanza ali pasiteji kudikira minibasi. Mayi Dainess anawanyamula ali lefu, nagonekedwa m'chipatala. Mwa chifundo cha Ambuye anatulukamo amoyo, koma funso limodzi linali litazungulira kale Chitakale yense: bwanji adwala akuchimuna okhaokha?

Ankhoswe a Elson atabwera, anakana ngakhale mpando.

"Mayi, mbale ija munaikira ife tokha. Anthu anu onse ali bwinobwino. Tikauze chiyani abale?"

"Chinali chigubu, bambo. Sindinadziwe."

"Simunadziwe? A Annie atiuza kuti anakuletsani Lachisanu."

Ankhoswewo anati banja lawo silingatumize mwana kukhomo kumene adzadye akuyang'ana m'mbale, ndipo ukwati unathera pomwepo, pabwalo, nkhuku zikutola mpunga wotsala wa pachinkhoswe.

Chiyembekezo sanalire pamaso pa amake. Analongedza zovala kuti apite kwa azakhali ake ku Limbe. Ali pakhomo anati, "Amama, zonsezi chifukwa chosagula kandowa kokha?" Sanadikire yankho.

Lero ng'ombe ya Emma ikukamidwabe, koma oyandikana naye amakagula mkaka kwina. Pamaliro akabweretsa ndiwo, mbale yake imabwerera yodzaza. Kukwaya amayimbabe, koma pabenchi pamene pankakhala mwana wake palibe munthu.

Akale sananame pamene anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Chowawa n'chakuti nkhwangwayo nthawi zambiri imatemanso amene sanalakwe.

Ambuye akupatseni makutu ofewa mnzanu akamakudzudzulani, adalitse ntchito ya manja anu, ndipo asunge ana anu ku zolakwa zanu. Amen.