Makiyi a Kombi

Kombi ya malemu bambo ake a Mwatitha idakhala kuseri kwa nyumba kuyambira iye ali wakhanda, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwatitha atakula n'kuikonza, injini n'kulira, malume ake, a Kachingwe, adakumbukira mwadzidzidzi kuti ndiwo mwini mbumba.

"Galimoto sisungidwa ndi mwana wamkazi. Bweretsa makiyi."

"Zoona, malume. Ndidzakupatsani Lamulungu."

Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi, Mwatitha adagwada n'kupereka makiyiwo. Kenaka adakweza mawu: "Odwala, apakati ndi amaliro, kuyambira lero muzigogoda kwa malume. Atenga galimotoyi kuti azikuthandizani."

Amayi adalulutira. A Kachingwe adamwetulira ngati atafuna tsabola.

Sabata isanathe adabwera, fumbi lili m'makutu, atanyamula kale maliro, odwala ndi mbuzi yothyoka mwendo.

"Tenga makiyi ako, mwanawe. Katundu wa bambo ako ine sandikhudza."