Njati Amene Analetsedwa Kuyenda

Kalekale, nyama zikadalankhula ngati inu ndi ine, kunali Njati. Muli nane kodi? Inu kumbuyoko, tasiyani kaye kutafuna, nkhaniyi ikukhudzani.

Njati ameneyu anali chimphona pa ntchito. M'mawa kumunda, masana kumtsinje, kenako kuphiri kukatola nkhuni, konseko wapansi. Ankadya zimene mkazi wake Nachisale wathyola kudimba: bonongwe, nkhwani, nyemba, maungu. Akathamanga nthaka inkachita kunjenjemera, koma mwini wake osatopa n'komwe.

Chaka china m'chilimwe moto wolusa unabuka kutchire, ukulunjika kunkhokwe za mudzi wonse. Nyama zinangogwira m'mutu. Njati yekha ndiye anathamangirako. Anapondaponda udzu, nakumba ndi nyanga zake, mpaka motowo unafika pa dothi lopanda kanthu n'kuzima. Sinapse nkhokwe ngakhale imodzi.

Nyama zinasonkhana kuti zimuthokoze. Fisi, amene tsiku la motolo anabisala m'dzenje, ndiye analankhula kuposa onse.

"Abale anga," anatero Fisi, "wamkulu wotere aziyendanso pansi ngati ife? Azigwiranso khasu? Manyazi amenewo! Kuyambira lero a Njati azikhala pamkeka. Akafuna kupita kwina, tiziwanyamula pa machila. Ndipo banja lililonse lizibwera ndi mbale ya ulemu tsiku ndi tsiku."

Musamuyese wachikondi Fisi ameneyo, ayi. Ankadziwa kuti pochuluka mbale pamafunikanso wozinyambita.

Tsono kumeneko kunali mwambo. Mbale ya ulemu sankaikana, ndiponso siinkabwerera ndi chakudya. Ukaikana, ndiye kuti watukwana banja lonse limene laphika. Njati anali waulemu, ndipo mwambowo ankaudziwa.

Mbale zinayamba kubwera. Nyani ankabwera ndi zitumbuwa zochita kudontha mafuta. Nguluwe ankabwera ndi ndiwo zotendera, mchere wake wodzaza dzanja, poti ankati mchere wochepa ndi wa amphawi. Chiuli ankabwera ndi chikho cha uchi. Nungu analibe chophika, choncho ankamutsirira fodya m'kaliwo. Njati amvekere zikomo, n'kudya. Zikomo, n'kudya. Zikomo, n'kusuta.

Patapita miyezi itatu kunabwera Kamba, mnzake wa Njati wa paubwana. Njati anati aimirire kuti amulonjere, koma anangoti dzandi, n'kuyamba kupuma wefuwefu.

"Aa! Achimwene, ndinu nomwe?" anadabwa Kamba. "Mwathamanga kuchokera kuti?"

"Sindinathamange. Ndangoimirira basi."

"Tagonani pansi ndimve."

Njati anagona, Kamba naika khutu pachifuwa pake. Anamvetsera, anamvetsera, kenako anatukula mutu maso ali tong'o.

"Achimwene, mtima wanu kale unkati du, du, du. Lero ukuti dududu, kuima, dududu, ngati mwana wophunzira ng'oma. Watopa ndi katundu. Mawa tiyende limodzi mpaka kumtsinje. Mafutawa, mcherewu ndi fodyayu muzisiye."

M'mawa mwake Njati anaponda panja kuti ayende. Anangoponda kawiri, Fisi anakuwa.

"Mayo ine! Phazi la a Njati pa dothi! Abale, tikadali moyo ife?"

Nyama zinathamanga, zinamukweza pa machila, zinamunyamula mpaka kumtsinje zikuimba:

Asaponde, asaponde,
Wozima moto asaponde!

Kamba anafika kumtsinje wapansi thukuta lili kamukamu. Njati anafika atagona chagada, akutafuna chitumbuwa.

Panapitanso miyezi itatu. Tsopano mapazi a Njati anatupa, mutu sunkaleka kuwawa, ndipo m'chifuwa munkamugwira ngati wina wamukhalira. Kamba anabweranso, anamvetseranso, napukusa mutu. Ulendo uno analankhula ndi Nachisale.

"Alamu, amuna anuwa akutha mukuona. Mbalezi zichepe."

Nachisale anali mkazi wolimba mtima. Atafika Nguluwe ndi mkazi wake, anawalandira bwinobwino, anagwada, nati, "Pepani anzanga, leroli abambo sakupeza bwino. Mawa mukaphika, mchere muchepetseko."

Eee! Mukanaona inu! Mkazi wa Nguluwe anadzigwetsa pansi, manja kumutu.

"Atikana! Atinyoza! Akuti ndimaphika zoipa ine! Kapena akuti ndathiramo mankhwala?"

Mudzi wonse unasonkhana. Njati anachita manyazi kwabasi. Kuti mlandu uthe, anadya mbaleyo pamaso pa onse, mkazi wa Nguluwe n'kuthamanga kukatenga ina yopepesera, nayonso anaimaliza. Nachisale anapita kuseri kwa nyumba kukalira.

Ulendo wachitatu Kamba sananong'one. Anafika mbale zili ndondondo pabwalo, anamvetsera pachifuwa cha mnzake, natembenukira kwa nyama zonse.

"Inu nonse tamverani. Mtima uwu sukufuna uchi wanu. Ukufuna kuyenda, ukufuna masamba, ukufuna mpweya wopanda utsi. Mukapitiriza chonchi, mvula yoyamba siwapeza a Njati."

Ngakhale Fisi anasiya kunyambita. Kutchula imfa ya wamoyo, mwini wake ali pomwepo akumva? Zimenezo kumeneko sizinkanenedwa.

"Mwamumva?" anatero Fisi. "Wanena yekha! Ndi nsanje iyi. Iye palibe anamubweretserapo mbale."

Anamuthamangitsa Kamba ndi zibuma. Koma kuthamangitsa Kamba, inu mukudziwa, ndi ntchito yotenga tsiku lonse.

Onse atabalalika, Njati anaitana mkazi wake.

"Nachisale, ine ndikuopa. Kamba sakunama. Ndikumva ndekha m'katimu."

"Ndiye akaneni, abambo."

"Ndiwakana bwanji? Amandikonda."

"Nanga ine sindikukondani? Mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha zitumbuwa za Nyani?"

Njati anayang'ana mapazi ake otupa aja. Kenako anati, "Chabwino. Mawa ndiwauza. Iwe ulawirire kudimba, ukandithyolere bonongwe. Ndamulakalaka."

Kutacha Nachisale anatenga lichero lake n'kupita kudimba, mtima uli mbee. Njati anakhala pamkeka atatsamira mtengo, akukonza mawu oti akanene.

Dzuwa litakwera nyama zinafika ndi mbale zawo. Nyani anagwada, naika zitumbuwa.

"Tabwera nazo, bambo."

Njati duu.

Nguluwe anagwada, naika ndiwo zake.

"Zotentha, bambo."

Njati duu.

Chiuli anagwada, naika uchi. Anaomba m'manja katatu. Njati duu, maso ali kutsogolo.

Nyama zinayamba kung'ung'udza. Wina amvekere, ayamba matama. Wina amvekere, ndi mkazi wawo uja wawalangiza. Mkazi wa Nguluwe anali atayamba kale kukonza kukhosi kuti alire za chipongwe. Ndipo, abale anga, zinapitirizabe kuika mbale! Zinaika, zinaika, mpaka mkeka wonse unadzaza.

Fisi njala inamupweteka, poti mbale yosadyedwa sainyambita. Anasendera pafupi, namugwira Njati paphewa.

"Bambo, zikuzizira izi."

Njati anangoti pendee, khuu, pakati pa mbale. Thupi linali litazizira kale.

Mayo! Nyani anataya zonse. Chiuli anabwerera chammbuyo pakamwa pali yasa. Nungu minga yonse inaima. Palibe anakhulupirira. Chimphona chija, chozima moto chija, kufa chikhalire pamkeka, popanda mkondo, popanda mkango?

Nachisale anatulukira ndi lichero la bonongwe pamutu. Anaona, lichero linagwa, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kuphiri.

Fisi ndiye anayamba kupeza mawu.

"Ufiti uwu! Anatchula imfa ndani? Kamba! Kamugwireni!"

Kumugwira sikunavute, anali asanapite patali. Anamukokera pabwalo, ena atatola kale miyala. Kamba sanadzikanire. Ankangoyang'ana mnzake, misozi ili chuchuchu.

Apo Nachisale anaimirira, napukuta m'maso.

"Taikani miyalayo pansi. Mukufuna amene wapha mwamuna wanga? Ndikuonetsani. Aliyense atole mbale yake."

Nyama zinayang'anana. Nyani anatola yake. Nguluwe anatola yake. Chiuli anatola chikho, Nungu anatola kaliwo. Mudzi wonse unaima, aliyense chake chili m'manja.

"Tsopano yang'anani m'manja mwanumo," anatero Nachisale. "Mwamuna wanga anabwera kwa inu ali ndi miyendo, inu munamulanda. Anali ndi mtima wabwinobwino, inu munaukwirira m'mafuta ndi mumchere. Ankamva kuwawa, koma ankameza kuopa kukukhumudwitsani. Lero amati akuuzeni kuti basi. Wachedwa ndi tsiku limodzi lokha."

Mkazi wa Nguluwe anayang'ana ndiwo zake, mchere uli mbuu pamwamba, ndipo ulendo uno analira zenizeni. Fisi anazemba mwakachetechete. Pamaliropo palibe anakhudza chakudya.

Ndiye inu, mwamva. Mtima sufuna kulemekezedwa ndi mpando. Umafuna uyende tsiku lililonse, udye zamasamba, mchere ndi mafuta pang'ono, fodya ayi. Amene mumamukonda musamuphe ndi mbale. Ndipo inu amene mumadya chifukwa choopa kukhumudwitsa wophika, phunzirani kunena kuti zikomo, ndakhuta, ndipo munene lero, osati mawa.

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule isanasanduke khala, ndipo apite yekha wapansi, asatume mnzake.