Nachisale ndi ng'anjo yokana kubereka

Kale kwambiri, makasu asanayambe kugulidwa m'sitolo, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nachisale, agogo awo a agogo anga. Inu simumudziwa. Mungamudziwe bwanji, poti ndikangotsegula pakamwa mumayamba kuyasamula?

Mwamuna wake, Kachigamba wa kwa Banda, anali wosula zitsulo. Ankamanga ng'anjo kuthengo, n'kuthiramo miyala ya chitsulo ndi makala, n'kuvukuta mpaka chitsulo chitatuluka. Mwambo unali wakuti moto ukakhala m'ng'anjo, mwamuna sagona m'nyumba, ndipo mkazi kumudzi azidzisunga. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina, ankati ng'anjo sibereka.

Chaka china ng'anjo inakanadi. Anavukuta, munatuluka zibulumwa zakuda zopanda ntchito. Anasoka mvukuto watsopano, zibulumwa. Anagumula ng'anjo n'kumanga ina, anapha nkhuku kupepesa mizimu, zibulumwa zomwezo. Mvula ili pafupi, anthu alibe makasu.

Ndiye mukuganiza kuti maso onse anatembenukira kwa yani?

"Nachisale, ndiuze dzina lake," anatero Kachigamba atabwerako kuthengo.

"Dzina la yani, a Banda?"

"Amene amalowa muno ine kulibe."

"Mumalowa nkhuku ndi makoswe. Sankhani nokha."

Kachigamba sanaseke. "Mkuja umwa mwavi. Ukasanza, ndiye kuti sunalakwe."

Mwavi, ana inu, sunali mankhwala a chifuwa. Ena ankasanza, ena ankaikidwa m'manda tsiku lomwelo.

Nachisale sanalire, sanathawire kwa malume ake. Anakhala pamtondo n'kumaganiza. Chaka chatha chitsulo chinatuluka. Miyala ndi ya phiri lomwelo. Manja ovukuta ndi omwewo. Ine ndine yemweyo. Nanga chasintha n'chiyani?

Pang'anjo mkazi sankaloledwa kufika. Koma makala otsala, mlamu wake Dzoole, mng'ono wa Kachigamba, yemwe ankawotcha makalawo, anali atawakhuthula kuseri kwa nkhokwe. Nachisale anatola khala limodzi. Linali lopepuka ngati chitsononkho. Atalifinya, linangofumbutuka m'manja. Makala a zaka zonse anali a muwanga, olemera, ukawagwetsa amalira. Anaika ena mwa makala opepukawo pamafuwa, ndipo madzi asanawire anali atasanduka phulusa.

M'mawa mwake anatsata kanjira ka Dzoole. Kanjirako sikanakwere kuphiri kumene kuli miwanga, kanatsikira kumtsinje. Kumeneko anapeza zitsa za mikuyu, Dzoole mwini wake ali pakati pake.

"Alamu, muwanga wayamba liti kumera m'madzi?"

"Iii, alamu, mwayamba kutsata amuna kuthengo? N'chifukwa chaketu akukunenani!"

"Mawa ndimwa mwavi, alamu. Sekani bwinobwino."

Dzoole anagwetsa nkhope. Wina akanabwerera pomwepo akukuwa kuti wolakwa wapezeka. Nachisale anakhala pachitsa.

"Inu si waulesi, ndimakudziwani. Mwausiyiranji muwanga?"

Dzoole anamupatsa nkhwangwa yake. Inali itatha ngati dzino la nkhalamba.

"Pamuwanga imangodumpha iyi. Ndinapempha achimwene katatu kuti andisulire ina. Amati chitsulo n'cha makasu a anthu obwera ndi mbuzi, m'bale adikire. Ndiye ndikanadula ndi mano?"

Tsiku la mwavi anthu atasonkhana, Nachisale anagwada pamaso pa mwamuna wake, n'kuika pansi khala ndi nkhwangwa ija.

"A Banda, mwamuna mumamufuna uja ndi uyu. Mwavi sindikukana. Koma yambani mwabwereka Dzoole nkhwangwa yanu, akadule muwanga kuphiri, muvukutenso kamodzi. Ng'anjo ikakana, ndibweretsereni chikho."

Kachigamba anatola nkhwangwa, anaitembenuza uku, anaitembenuza uko. Anaizindikira. Anaisula yekha zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anabwereka Dzoole nkhwangwa yake yakuthwa, ndipo chikho cha mwavi chinabwerera chodzaza.

Patapita masiku, ng'anjo inabereka chitsulo chokwana makasu a mudzi wonse.

Kodi mukuganiza kuti anapepesa? Ndani? Anthu anavina, n'kumatamanda Kachigamba kuti ali ndi manja. Amene ankanong'onezana pachitsime aja anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti mayiyo ndi wolungama. Anthu ndi otero, ndawaona ndi maso angawa, ndipo sanasinthe.

Koma ife a mtundu wake tinatolapo chathu. Kwathu kuno chinthu chikawonongeka, sitiyamba ndi kufunsa kuti wachita ndani. Timayamba ndi kufunsa kuti chasintha n'chiyani. Ukapeza khala lopepuka, usakhale pansi, kaone chitsa. Ukapeza chitsa, usatukwane wodula, yamba waona chimene wagwira m'manja. Nthawi zambiri mapazi akakubweza pakhomo pako pomwe, ndipo n'chifukwa chake ambiri safuna kuyenda ulendowo. Kutungira mnzako chikho n'kosavuta.