Imvi za Dokotala Sitali

Pachipatala chaching'ono cha m'komboni ina ku Kitwe, mabenchi ankadzaza dzuwa lisanatenthe. Amayi obereka ana kumbuyo, madala opuma ntchito ku migodi akutsokomola fumbi lakalekale, onse maso ali pakhomo la chipinda cha dokotala. Chitseko chikatseguka pankatuluka Mubita Sitali, ndipo benchi yonse inkasuzumira kumbuyo kwake kufuna kuona dokotala.

Chonsecho dokotalayo anali iye yemweyo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma Mulungu anamumana ndevu, n'kumupatsa nkhope yosalala ngati dzira. Kwawo kunali ku Mongu, kumchenga, kumene mvula umayiona ikadali kutali n'kuyamba wanula zovala mosathamanga. Kitwe inamulandira ndi utsi, mahutala a minibasi ndi chiBemba chothamanga ngati madzi a m'ngalande. Tsiku loyamba anakwera minibasi yolakwika, ndipo kondakitala pomutsitsa anamufunsa kuti, "Sukulu yako ili mbali iti, mwana iwe?" Amake Kangwa, eni nyumba imene ankachita lendi, ankamutuma kukagula makala.

Zonsezi ankangomeza. Chimene chinamukanika kukhosi ndi bambo Kapembwa, mkulu wina wopuma ntchito ku mgodi, wodwala shuga, amene anabwera ndi chilonda chosapola kuphazi.

"Mnyamata iwe, kaitane dokotala."

"Dokotala ndine, bambo. Vulani nsapato tione."

"Iwe? Ine ndinayamba kulowa pansi pa nthaka amako asanamere mano. Ndivule nsapato pamaso pa kamwana konunkha mkaka? Kaitane wamkulu!"

Wamkulu panalibe. Mkuluyo anatola ndodo yake n'kutuluka, chilonda chake chili m'nsapato.

Loweruka Mubita analowa mumsika wa Chisokone ngati munthu wopita kukagula nkhondo. Anagula magalasi opanda mphamvu, jekete lotuwa lapakaunjika lomwe mwini wake woyamba ayenera kuti anali ndi mimba yaikulu, ndi mphete yonyezimira. Pomaliza anagula kabotolo ka paudala wa makanda. Lolemba m'mawa anasakaniza paudalayo ndi mafuta odzola, n'kupaka pang'ono m'mbali mwa mutu, pamwamba pa makutu. Atadziyang'ana pagalasi anatsokomola mwaukulu, ndipo iye mwini anadzipatsa ulemu.

Woyamba kumuona kuntchito anali Bupe Chisanga, namwino wamaso akuthwa ndi pakamwa posachedwa.

"Iii, adokotala! Mwakumana ndi chiyani Lamulungu?"

"Palibe. Ndinkapaka mankhwala odetsa tsitsi. Ndatopa n'kubisa ukalamba."

Bupe anasendera pafupi, mphuno ili m'mwamba. "Nanga fungo la khandali likuchokera kuti?"

Mubita anayankha msangamsanga. "Ndi paudala wa kamwana kanga kotsiriza. Ndimayenda naye m'thumba, ndikakasowa ndimanunkhiza."

"Kotsiriza? Alipo angati kodi?"

"Anayi."

Liwulo linangopulumuka ngati nkhuku yothawa m'manja, ndipo kulibweza kunali kosatheka. Bupe anayang'ana imvi zija, anayang'ana mphete, kenako anapinda bondo mpaka pansi. "Pepani bambo, sitinkadziwa. Tinkakuyesani mnzathu." Potuluka, mapewa ake ankagwedezeka.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwalawo anagwira. Makondakitala anayamba kumutsegulira mpando wakutsogolo. Amake Kangwa atamva za mkazi ndi ana anayi otsala ku Mongu, anagwira pakamwa ndi manyazi, n'kuyamba kumupatsa moni atagwada. Ngakhale bambo Kapembwa anabweranso, ululu utawakoka. Shuga anali atawafooketsa maso, choncho anangoona jekete, magalasi ndi kuyera kwa m'mutu.

"Eyaa, uyu ndiye dokotala. Kamwana kaja mwakachotsa?"

Mubita anakonza magalasi ake. "Kanabwerera kusukulu."

"Mwachita bwino. Kanali kamwano."

Anavula nsapato okha. Mubita anatsuka chilondacho, anachimanga, n'kuwalembera mapiritsi, ndipo anawaletsa tiyi wothira shuga wodzaza supuni. Mkuluyo ankangoti "Ndamva, achimwene." Pasanathe mwezi, chilonda chinayamba kuuma m'mbali.

Koma ukalamba ndi katundu, ngakhale wogula pamsika. Dzuwa linasanduka mdani wake, chifukwa thukuta linkatsitsa imvi mpaka m'khosi. Mitambo ikangoda, iye ankathamangira pakhonde ngati mbuzi. Anzake a kuntchito akamakasewera mpira Lachisanu, iye miyendo ikumuyabwa, Bupe ankafuula anthu onse akumva kuti, "Ayi bambo, mawondo! Khalani apa mutisungire zikwama." Ndi Bupe yemweyo amene anayamba kumutumizira mabanja okangana. "Kaonaneni ndi adokotala, iwo aja ukwati anaudya n'kuukhuta." Motero Mubita, amene anali asanafunsirepo mkazi mpaka kuloledwa, ankakhala kutsogolo kwa mayi wa ana asanu ndi awiri, mayiyo akumufotokozera mwatsatanetsatane zimene bambo a kunyumba analeka kuchita. Ankangogwedeza mutu, makutu akutentha, n'kumati, "Zimachitika, mayi. Ngakhale kwathu zimachitika."

Tsiku lina Bupe anamuuza monong'ona kuti, "Bambo, lero mwakalamba mbali imodzi." Apo m'pamene akanalekera. Iye anangolowa m'chimbudzi n'kukakalambitsa mbali inayo.

Mvula yoyamba itagwa, amayi ake, a Inonge, anatsika basi kuchokera ku Mongu osatumiza mawu, atasenza thumba la mpunga ndi mtolo wa nsomba zouma. ChiBemba ankachidziwa, poti pa utsikana wawo anagulitsapo mpunga m'matauni a ku migodi. Amake Kangwa anawalandira ndi manja awiri, n'kuwayalira mphasa.

"Mwawasiya bwanji apongozi anu kumudziko? Nanga adzukulu anayi aja? Kakhanda kayamba kukwawa?"

A Inonge anaika kapu ya madzi pansi osamwako. "Mwati adzukulu angati?"

Sanafunsenso china koma njira ya kuchipatala.

Anafika mabenchi ali odzaza, Mubita ataima pakhomo akuitana wodwala wotsatira. Akanatha kumukalipira m'chiLozi, nkhani n'kuthera pakati pa awiriwo. Koma anasankha chiBemba, kuti pasapezeke wotsalira.

"Mubita! Mkaziyo unamukwatira liti? Ng'ombe anakapereka ndani? Ana anayi, ine mayi wako osanyamulako ngakhale mmodzi! Ndinakulakwira chiyani?"

"Amayi, tiyeni tilowe m'kati..."

"Sindilowa! Ndipo mutuwo watani? Unagwera m'chigayo?"

Asanathawe, anali atamugwira khutu. Ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, n'kupukuta kamodzi. Imvi za mbali imodzi yonse zinasamukira pachitenje. Mayiwo ananunkhiza, n'kuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Paudala! Uyutu ndinaleka kukupaka uli ndi zaka ziwiri. Ndipo sindinkakupaka kumutu."

Chipatala chinaphulika. Amayi ankagwirana mapewa, madala ankatsokomola ndi kuseka pamodzi, Bupe anakhala pansi penipeni misozi ili mbwembwembwe. Mubita anaima pomwepo, theka nkhalamba theka mwana, magalasi atapendekeka.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Bambo Kapembwa anaimirira pang'onopang'ono, anatulutsa mapiritsi m'thumba, n'kuwaika pabenchi.

"Ndiye kuti kamwana kaja ndi iweyo. Unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti kanabwerera kusukulu. Wonama kumutu ndi wonama paliponse. Tenga mankhwala akowa, kaya nawonso ndi ufa."

Sanabwerenso. Mubita anasamba m'mutu, jekete anapatsa mlonda wa pachipatala, ndipo anapirira kusekedwa m'komboni monse. Kawiri konse anatumiza uthenga kwa bambo Kapembwa, koma yankho linali lakuti iwo sachiritsidwa ndi azitsudzo. Kenako kunabwera mwana wawo wamkazi, nkhope ili yakugwa. Anati phazi latupa, zala zayamba kuda, ndipo m'nyumba simukukhalika ndi fungo.

Mubita anapita masana omwewo, mutu uli bii, nkhope ili yosalala monga anabadwira. Anawapeza mkuluyo atagona pakhonde, phazi atalikulunga chiguduli.

"Wabwera ndani? Kamwana, kapena bambo wa ana anayi?"

"Kamwana, bambo."

"Ukufuna chiyani?"

Mubita anagwada pafupi ndi phazilo, koma sanaligwire. "Za mutu wanga ndinakunamizani, ndipo ndinalakwa. Za phazi lanu sindinanamepo ngakhale kamodzi, ndipo lero sindinama. Tikapita kuchipatala chachikulu panopa, mwendo tiupulumutsa. Mukadikira, audula pabondo. Mukhoza kundida moyo wanu wonse, koma mundide muli ndi miyendo iwiri."

Mkuluyo anayang'ana kudenga. Kenako anauza mwana wake kuti, "Kanditengere chipewa changa. Kamwanoka sikachoka pano."

Mwendo unapulumuka, koma zala ziwiri zinatsala kuchipatala. Mubita atapita kukawazonda, anaima kumapazi kwa bedi. Bambo Kapembwa anavundukula nsalu n'kuloza bandeji ndi ndodo yawo.

"Taona. Ziwiri. Chimodzi chadyedwa ndi kuuma mutu kwanga, chimenecho ndavomera. Chinachi chadyedwa ndi iwe."

"Ndi zoona, bambo."

"Usangoti ndi zoona, uzikumbukira. Tsopano tandiuza, kodi kuno tiyi amathira shuga? Ndipo usandinamize."

"Sathira, bambo. Ndawaletsa ndine."

"Mwana woipa iwe," anatero mkuluyo, n'kutembenukira kukhoma kuti asaoneke kuti akumwetulira.

A Inonge anabwerera ku Mongu atamulonjeza kuti tsiku limene adzakwatiredi, adzafuna kuona mkaziyo ndi maso awo, n'kumutsina kuti atsimikize. Mubita anakhalabe ku Kitwe, misewu anaidziwa, chiBemba chinamulowa m'kamwa, ndipo odwala anazolowera nkhope yake pang'onopang'ono, monga akanazolowera ngakhale akanapanda kudzivuta. Koma nthawi zonse akaona bambo Kapembwa akulowa pachipata, akutsimphina ndi ndodo yawo, ankakumbukira kuti ukulu umene anakautenga kwa eni ake sunamugwere yekha pamene unasweka. Akuluakulu sananame pamene anati: nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.