Changu ndi Khutu la Mlamu Wake

Pamsewu wina wa mashopu panali munthu wokonza mafiriji amene anzake ankamutchula kuti Changu. Firiji yobwera m'mawa itafa, pofika masana inkakhala ikulira kale pakona, madzi akuuma m'kati. Munthuyu ankadya choimirira, ankayankha funso lisanathe, ndipo mkazi wake ankakonda kuseka kuti ngakhale pa tsiku la ukwati bambowa anavomera abusa asanamalize kufunsa.

Khomo loyandikana ndi shopuyo linali galaja ya mlamu wake, mlongo wake wa mkaziyo. Iyeyu anali makaniko wofatsa, wodziwa matenda a galimoto ndi khutu. Ankaweramira injini ikulira, kutsinzina pang'ono, n'kuloza pamene pali vuto sipanala isanagwire ntchito.

Awiriwa anaphunzira limodzi kusambira pansi pa madzi, kuja kolowa utabereka thanki ya mpweya, magalasi kumaso, zipsepse kumapazi. Anawakopa ndi mayi wina wophunzitsa ntchitoyi, amene Changu anamukonzera firiji. Tsiku limene analandira setifiketi yoyamba, yowalola kulowa m'madzi osaya kwambiri, Changu sanadikire n'komwe kuti tsitsi liume.

"Nanga yotsatira ndi iti, aphunzitsi?"

"Chotsatira ndi madzi, bambo," anatero mayiyo akutsuka magalasi m'beseni. "Kaloweni posaya kambirimbiri mpaka kupuma kwanu kukhazikike. Inu mukadapalasabe ndi manja ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Mukazolowera mubwere ndikuphunzitseni kuyandama bwino pakati pa madzi, kenako kupulumutsa mnzanu. Za pakuya zidzakupezani."

"Kuyandama? Ngakhale chikuni chimayandama osapita kusukulu," anatero Changu akuseka. "Ine ndikufuna ya pakuya."

"Kwa ine simuipeza chaka chino."

Uku kunali kuimbira mbuzi gitala. Changu anafufuza n'kupeza sukulu ina imene sinkafunsa zambiri. Mwezi usanathe anali ndi khadi la pakuya, mwezi wotsatira analandiranso lolowera m'maboti omira. Makhadiwo ankawayala pamwamba pa firiji ya kasitomala aliyense wofuna kuona, ngakhalenso wosafuna. Mlamu wake anatsala ndi setifiketi imodzi yomweyo, ndipo ankakhutira n'kumazungulira miyala ya posaya, kuonerera tinsomba.

"Alamu, mudzakalambira m'bafa," Changu ankamunyogodola. "Pansi penipeni pali boti lathunthu, injini ili momwemo. Inu makaniko simungafune kuiona?"

"Pepala langa silifika kumeneko, alamu."

"Langa limafika. Mukakhala ndi ine muli ndi mapepala atatu."

Mawu amenewa anabwerezedwa tsiku ndi tsiku pa tiyi wa m'mawa mpaka makaniko uja anafewa. Loweruka lina akunyamula zikwama, mkazi wa Changu anaima pakhomo atagwira chitseko. "Bambo, mchimwene wanga ndi yekhayu. Mundibweretsere wathunthu." Changu anangogwedeza makiyi m'mwamba, ulendo.

Pa boti lowatengera pakati pa nyanja panali anthu ena ndi wotsogolera gulu, amene anawauza kuti onse akathere pa thanthwe la posaya. Atalowa m'madzi, gulu litakhotera ku thanthweko, Changu anakoka mlamu wake dzanja n'kulondola chingwe chotsikira ku boti lomira lija. Potsika, munthu amayenera kuima pafupipafupi, kutsina mphuno n'kuuzira pang'ono kuti makutu atseguke. Changu makutu ake sankavuta, motero ankangotsetsereka. Mlamu wake anaima, analoza khutu lamanzere, n'kugwedeza dzanja kusonyeza kuti zinthu sizili bwino. Changu anachiona chizindikirocho. Anachiphunzira ndithu, ndipo pa mayeso anachikhoza. Koma pansi pake mthunzi wa boti unali utayamba kuoneka, ndipo mumtima anangoti awa ndi mantha chabe, atha tikafika. Anamugwira lamba n'kumukokera pansi.

Mwadzidzidzi mlamu uja anagwira mutu ndi manja onse awiri. Maso anatuzuka m'magalasi, thupi linayamba kugudubuzika ngati munthu wosadziwa kumwamba ndi pansi. Chopumira chinapulumuka m'kamwa. Changu mutu unaima. Palibe khadi limene linamuphunzitsa kugwira munthu wosokonezeka, ndipo iye mwini ankalephera kukhazikika malo amodzi, miyendo ikungotakasa matope mpaka madzi anada. Anakwanitsa kumubwezera chopumiracho m'kamwa, koma ndi mantha anadzaza mpweya wambiri m'jekete yake yothandiza kuyandama, awiriwo n'kuyamba kukwera mothamanga, chinthu chimene aliyense amachenjezedwa tsiku loyamba. Mwayi wawo, wotsogolera uja anali atazindikira kuti anthu awiri asowa ndipo ankawalondola pa chingwe. Anawagwira, anaphwetsa jekete ija, n'kuwakweza pang'onopang'ono.

Pa boti mlamuyo anagonekedwa chammbali akusanza, magazi akudontha m'khutu. Palibe amene anamukalipira Changu. Anthu ankangomulambalala ngati mtolo woiwalika, ndipo kwa iye zimenezi zinawawa kuposa mbama.

Kuchipatala dokotala anafotokoza mosabisa kuti nembanemba ya m'khutu inabooka ndipo ipola, koma kunavulalanso m'kati. Khutu limenelo silidzamvanso ngati kale, ndipo za pansi pa madzi aiwale. Mkazi wa Changu anamvetsera zonsezi, anakonza bulangete la mlongo wake, n'kutuluka osamuyang'ana mwamuna wake. Kunyumba chakudya chinkafika patebulo pa nthawi yake, koma mawu munalibe.

Patapita milungu galaja inatsegulidwa. Tsiku lina Changu anasuzumira n'kupeza mlamu wake ataweramira injini ikulira. Anapendeketsa mutu uku, anaupendeketsa uko, anazungulira galimoto kuti atchere khutu lamanja. Kenako anawongoka, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuuza mwini galimoto kuti aisiye, aifufuza bwino mawa. Changu anali asanamumvepo akunena mawu amenewo.

"Alamu," anayamba Changu.

"Bwerani mbali ino, uko n'kotseka," anatero makanikoyo akumwetulira. "Koma mukafuna kundijeda, imani komweko, simudzagwidwa."

Changu analephera kuseka. "Ndinakuonani mukuloza khutu. Ndinaona ndithu."

"Ndikudziwa kuti munaona." Mlamuyo anakhala pa tayala lakale. "Nanenso mutu ndinali nawo wangawanga, ndikanakana tili kumtunda. Koma ndikupempheni chimodzi. Musadzatengenso munthu kupita naye kumene inu eni simunakuzolowere. Mlongo wanga atha kukukhululukirani za khutu. Za maliro sakanatha."

Sabata yotsatira Changu anatseka shopu masana n'kupita kwa mayi wophunzitsa uja. Nkhani inali itamufika kale, koma sanaikumbe. Anangomupatsa thanki n'kumulozera dziwe losambiramo, mmene munali ophunzira atsopano amene anali asanaionepo nyanja.

"Lero tichita chiyani, aphunzitsi?"

"Palibe. Mulowe, muime pakati pa madzi, osagunda pansi, osatulukira pamwamba, manja mutapinda. Muzingopuma."

Munthu amene ankadzutsa firiji yakufa dzuwa lisanafike pamutu anatha masana onse akulimbana ndi ntchito yongokhala phee. Ankamira, ankabuuka, ankayambiranso. Anabwera sabata inayo, ndi inzake, ndipo za setifiketi yotsatira sanafunsenso. Pamene ophunzira atsopano aja ankapita kunyanja, iye anali akadali m'dziwe, akuphunzira kukoka mnzake wofooka popanda kumupweteka.

Changu anafuna kufika pansi pa nyanja mwezi umodzi, ndipo anakathera poyambira, mlamu wake atalipira ulendowo ndi khutu. Akuluakulu sananame pamene anati kuthamanga sikufika.