Chogogoda m'boneti

Chigalimoto chija chinali cha mkulu wina amene anachiyendetsa mpaka ukalamba. Chinali chakale, chamatayala akuluakulu, chija chimapitirira pamene zinzake zabwerera. Mkuluyo atamwalira chinatsalira mwana wake, dalaivala amene anthu ankamutcha Ndidutsa. Dzinalo anadzipatsa ndi pakamwa pake. Mlatho ukokoloke, msewu ugumuke, mawu ake anali omwewo.

Maliro atangotha, galimoto inayamba kugogoda. M'mawa akangoiliza, m'boneti munkamveka ke-ke-ke, kaphokoso kouma, kosathamanga. Injini ikatentha, zii. Mkazi wa Ndidutsa kaphokosoko kankamuyenda m'msana, chifukwa ndi mmene malemu apongozi akewo ankaitanira munthu. Sankakuwa ayi. Ankangogogoda patebulo ndi mphete yawo mpaka utatukula maso.

"Bambo, mukumva koma?" anafunsa mayiyo, mwamuna wake akupukuta galasi.

"Ndikumva. Ndi ukalamba. Inu mawondo anu salira m'mawa?"

"Mawondo anga sanyamula mwana kupita naye kusukulu."

Mwanayo anali mmodzi yekhayo, kamtsikana kolongolola ngati wailesi. Koma masiku amenewo kankatsika m'galimoto kali lefu, kakudandaula mutu, osafuna ngakhale kudya. Tsiku lina kanati, "M'galimoto muja muli agogo." Anansi anamva, nkhani inawanda: malemu sanagone bwino, akufuna galimoto yawo.

Mayiyo analibe nthawi ya mizimu. Zochapa zinali mulu. Anangoitana mchimwene wake, makaniko, m'mamawa injini isanatenthe. Makanikoyo anasanjika nsonga ya sikuludilaiva pamwamba pa injini, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu. Anapukusa mutu. Anatenga kapaipi ka madzi, mbali ina kukhutu, ina akuiyendetsa m'mbali mwa injini ngati dokotala pachifuwa. Atafika pamene ekizozi imachokera, anaima. Anapisako chala, chinatuluka chili bii ndi mwaye.

"Alamu," anauza Ndidutsa, "m'kati mwa injini mulibe vuto. Chitsulo chotulutsa utsichi chang'aluka. Chikazizira mng'alu umayasama, ndiye kugogodako. Chikatentha umafinyika, phokoso n'kuchepa, koma utsi sukusiya kutuluka. Ndipo taonani mabowo a dzimbiri ali kumapazi kwanuwa. Utsi umenewu sumenya munthu, umangomugoneka. Mawa musapite nayo kulikonse, ndidzawotcherere."

"Mawa ndili ndi ulendo wokaona amayi kumudzi," anatero Ndidutsa. "Phokoso linaphapo ndani, alamu? Inu amakaniko, munthu akatsokomola mumati tiphwasule mapapo."

Madzulo ake anathiramo oyilo wolimba ngati uchi. Kugogoda sikunasiye. Ndiye anamangamo sipika yaikulu, nyimbo n'kumakwirira zonse. Anati wakonza.

Mayiyo anakwera nawo ulendowo, osati mokondwa, koma sakanalola mwana apite yekha ndi bambo wotere. Masana mvula inayamba, anatseka mawindo onse. Atafika m'chigwa china anapeza msewu wasanduka phala, magalimoto ena akutembenuka.

"Tibwerere," anatero mayiyo.

"Ndidutsa."

Sanadutse. Matayala akumbuyo anamira, paipi ya ekizozi inakwiririka m'matope. Ndidutsa anakana kuzimitsa injini, ati batire ndi lofooka, ikazima siidzukanso. Angodikira mvula ikate.

M'katimo munali mofunda bwino. Mawindo anachita nthunzi, kunja osaoneka. Mwana anasiya kufunsa mafunso. Ndidutsa anayamba kufotokoza za chithaphwi china chimene anadutsapo kale, nkhani inathera pakati. Mayiyo anamva tulo tikubwera, tulo tokoma tolemera, tija anakhala akutilakalaka chibadwire mwanayo. Anatsamira mpando. Anati apumeko pang'ono pokha.

Kenaka nyimbo inaduka yokha.

Ke-ke-ke.

Injini inali yotentha, ndipo ikatentha sinkagogoda. Koma uku kunali kugogoda kwamphamvu, koleza mtima, ngati kwa munthu amene sachoka mpaka umuyang'ane. Thupi la mayiyo linayankha lokha, monga linkachitira apongozi ake akagogoda, zaka zonse za ukwati wake.

"Ndamva, bambo," anatero, n'kutukula maso.

Mwamuna wake anali atagwetsa mutu pachiwongolero, dovu likutsika. Kumbuyo mwana anali atapendekeka, kadzanja kali lende. Zala za mayiyo zinali ngati za munthu wina, koma anakankha chitseko, n'kugwera m'matope. Anakwawa, anakoka mwana n'kumugoneka pamvula. Anabwerera, anapotokola kiyi, n'kududuluza mwamuna wake ndi kolala ngati thumba. Kenaka anakuwa mpaka anthu a magalimoto otembenuka aja anatsika.

Ndidutsa anatsitsimuka tsiku lomwelo kuchipatala. Mwana anatenga masiku, mayi ake atakhala pampando wachitsulo, akuyang'ana kachifuwa kakukwera ndi kutsika.

Makaniko atabwera kudzazonda anafotokoza bwinobwino. Paipi itatsekeka ndi matope, utsi wonse unasowa njira, unkatulukira pamng'alu paja, n'chifukwa chake inagogoda ngakhale yotentha. Za sipika anati waya wake unangomasuka. Mayiyo anavomera. Zinali zomveka.

Koma mwana atatsegula maso sanafunse madzi, sanafunse bambo ake. Anayang'ana mayi ake.

"Agogo anagogoda kambirimbiri," anatero. "Inu amayi mumachedwa kuyang'ana."

Mng'alu uja anauwotcherera, mabowo anawatseka. Sipika ili pansi pa bedi. Masiku ano Ndidutsa akaliza galimoto amatsika, n'kutsegula boneti, n'kuima pamenepo atapendeketsa mutu, ndipo pakhomo ponse palibe amene amalankhula mpaka atatseka.

Kaya unali mng'alu, kaya anali malemu, mayiyo salimbana nazo. Chimene amadziwa n'chakuti chinthucho chinawachenjeza m'mawa uliwonse, mchimwene wake anachenjezanso, munthu n'kukagula sipika. Chokusowetsa mtendere si mdani wako nthawi zonse. Wakutsina khutu ndi mnansi.