Lona Mmodzi wa ku Likhubula

Mphezi indiwombe pompano ngati ndiwonjezepo liwu limodzi! Ine kusukulu sindinapondeko, bodza ndikanaliphunzira kuti?

Panali mayi wina wosoka pakhonde ku Likhubula, dzina lake Mayi Namakhwa. Mwana wake Lameki anapeza ntchito yonyamulira alendo katundu pokwera phiri la Mulanje, koma mabwana ake anamuuza kuti wopanda chikwama cha kumsana asabwere. M'nyumba munali lona mmodzi yekha woti n'kusokera chikwamacho, wosiya malemu bambo ake a Lameki. Sizasi ikanangolakwa pamenepo, lona wapita, ntchito yapitanso.

Mayiyo anapita pa Chitakale kwa mlamu wake wa kompyuta. Mlamuyo anamuonetsa mapulogalamu awiri. Ina inkajambula chikwama chokongola, chomatembenuka chokha ngati mkwatibwi. Inayo inkangotulutsa mizere youma papepala, yotsatira podula nsalu.

"Tengani yokongolayi, alamu."

"Makina anga sadya kukongola, alamu. Ndipatseni ya mizereyo."

Atafika kunyumba, lona sanamukhudze. Anayala mapepala aja pamasaka a feteleza, n'kudula, n'kusoka chikwama cha masaka. Anadzazamo miyala, ina yaikulu ngati mutu wa ng'ombe, n'kuchibereka yekha.

"Amayi, tulani! Ndinyamule ine," anatero Lameki.

"Iwe? Ungoti zili bwino amayi, magazi ali chuchuchu. Ndikudziwa, ndinakubala ndine."

Ndiye mayi wamkulu uja anauyamba mtunda. Anakwera mpaka mitambo inatsala kumapazi kwake, anyani n'kumamuombera m'manja. Anatsika mapewa atasupuka, koma akumwetulira, chifukwa thupi lake linali litamuuza pamene malamba amaluma. Anawakulitsa papepala, la m'chiuno n'kulitsitsa pang'ono. Pamenepo ndiye analowetsa sizasi mu lona.

Chikwama chimenecho, abale anga! Lameki ankalowetsamo mahema, mapoto, matiresi, ndi mbuzi yamoyo pamwamba, iye n'kumakwera akuimba mluzu. Tsiku lina mlendo wonenepa anatopa panjira, naye analowa momwemo. Fisi anayesa kuchiluma, mpaka lero amadya phala. Ntchito ija Lameki akadali nayo, ndipo paphewa pake palibe chipsera.

Tsono inu amene mwagwira chinthu chimodzi chosabwereza, kaya ndi lona, kaya ndi mwana, kaya ndi banja, musathamangire chonyezimira. Yambani mwalakwa pa saka, ndipo ululu wake muumve pamsana panu, osati pa wina.

Mukuti chiyani kumbuyoko, a Makwinja? Mlendo sangakwane m'chikwama chomwe muli kale mbuzi? Zamkutu! Mbuziyo inasendera.